Ndinathawa jakisoni dzanja litang'ambika kuntchito, kodi pali mapiritsi olowa m'malo mwake?

Welda wa ku Ndirande

Abale anga, safunsa anadya phula, ndiye lolani ndifunse ngakhale nkhani yake ndi yochititsa manyazi. Ndine bambo wa zaka 34, ndili ndi ana awiri, ndimawotcherera zitsulo pashedi ina kuno ku Ndirande. Timapanga mageti, mafelemu a mawindo, mbaula, nthawi zina mawilibala. Moto wa welding wandiwotchapo kosawerengeka, maso anandiwawapo usiku wonse ngati muli mchenga chifukwa chowotcherera wopanda magalasi, grinder inandisendapo chala. Zonsezi sindinagwetse msozi. Koma singano ya kuchipatala, iyayi.

Lachiwiri m'mawa abwana anati tidule mgolo wakale, kasitomala wina amafuna choocherapo nyama. Mgolowo wakhala kuseri kwa shedi chaka chathunthu, mbali ina itakwiririka m'dothi, pamalo pomwe mbuzi za aneba zimausa masana. Nditaudula pakati ndinati ndiutembenuze, unandipulumuka, mlomo wake n'kunding'amba chikhatho cha kumanzere, kuyambira patsinde pa chala chachikulu kutsetsereka cha kumkono. Magolovesi tili nawo peyala imodzi anthu asanu, tsiku limenelo anavala mnzanga. Magazi ake ngati tazinga nkhuku. Mnyamata wathu wina anathamangira kugalaja ya pafupi n'kubwera ndi brake fluid, atathira ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Tinamanga ndi chinsanza, abwana anandipatsa ya kabaza, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko sanandichedwetse poona magazi. Adokotala anamasula chinsanza chija, anapukusa mutu atamva za brake fluid, nati balali likufunika kusoka ndiponso ndibayidwe katemera wa kafumbata. Analemba m'buku langa n'kunditumiza kuchipinda chotsukira mabala. Ndinakhala pabenchi bwinobwino. Anesi anang'amba kapepala ka sirinji, anakoka mankhwala m'kabotolo, n'kuyamba kuigogoda ndi chala ataiimika m'mwamba. Pamenepo m'makutu munayamba kulira, m'kamwa gwa, thukuta lozizira kumsana, maso kuchita mdima. Ndinati, "Mayi, ndikataye madzi kaye." Ndinatuluka, kuchimbudzi ndinakupitirira, mpaka pamsewu. Buku langa la kuchipatala linatsala patebulo pawo.

Kunyumba mayi a ana akuganiza kuti anandisoka. Ndinagula bandeji, panado ndi makapisozi a amokisilini, ndikumwa awiri m'mawa awiri madzulo. Lero ndi Lachinayi usiku. Dzanja latupa, likutentha, likugunda ngati muli mtima wake, ndipo chala chachikulu sichikupindika bwino.

Kuti mumvetse, manthawa sanayambe dzulo. Ndili Sitandade 3 kwathu ku Thyolo ndinadwala malungo aakulu. Ndimakumbukira anthu anayi atandipanikiza pabedi, amalume atakhalira miyendo yanga, jakisoni wa m'thako m'mawa ndi madzulo. Pamalo pamodzi panatupa n'kuchita mafinya, anachita kung'amba, ndinayenda chotsimphina teremu yonse. Kuchokera pamenepo singano sinandilowenso m'thupi. Katemera wa Covid ndinamuzemba. Pokayezetsa magazi tisanakwatirane, kaja kongobaya pachala kaja, ndinakomoka pamaso pa chibwenzi, mpaka lero akafuna kundiseka amayambira pamenepo.

Ndiye funso langa: kodi kulibe mapiritsi a kafumbata oti munthu n'kungomwa? Nanga bala lotere silingapole lokha popanda kusoka ngati ndikulisamala? Ndalama yogulira ndiyesetsa, bola pasakhale singano.

Kabaza Wachangu

Hahaha akulu, munthu wodula mgolo ndi grinder kuthawa kasingano! Tavulani malaya tione, mphini zilipo zingati pachifuwapo? Amuna ambiri oopa jakisoni ndi omwewo agogo awo anawatema ndi lezala thupi lonse osaphethira. Bwererani kuchipatala, mukatseke maso muziimba nyimbo ya fuko, musanafike pa "mumsunge m'mtendere" akhala atamaliza.

Namwino Nachisale

Achimwene, musamvere oseka. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndipo amene amagwa pansi akaona singano kawirikawiri si ana kapena amayi, ndi azibambo a matupi ngati inu nomwe. Koma ndiyambe ndi zofulumira: mawa m'mawa mubwerere kuchipatala, musadikire Lolemba. Dzanja lotupa, lotentha ndi logunda patatha masiku awiri ndiye kuti bala layamba kuvunda mkati. Usiku uno mukaona kuti thupi latentha, kapena mzere wofiira ukukwera kumkono kulunjika kukhwapa, kapena nsagwada ndi khosi zikuuma, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala chachikulu cha Gulupu nthawi yomweyo.

Funso lanu loyamba yankho lake ndi lakuti ayi, mapiritsi olowa m'malo mwa katemera wa kafumbata kulibe, ku Malawi kuno ngakhale kunja. Ndifotokoze chifukwa chake. Kafumbata amayamba ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani. Anthu amati amabwera ndi dzimbiri, koma si dzimbiri ayi. Njere za kachilomboka zimakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo zimatha zaka zili moyo. Mgolo wanu uja, wokwiririka pomwe mbuzi zimagona, ndiye kwawo kwenikweni. Njerezo zikalowa m'bala lakuya momwe mpweya sufika, zimadzuka n'kuyamba kutulutsa poizoni. Chimene chimapha munthu ndi poizoniyo, amayenda m'mitsempha n'kuchititsa minofu kukungika osamasuka. Makapisozi mukumwawo sagwira poizoni. Chimene chimamugwira ndi chitetezo chomwe thupi limapanga likalandira katemera. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21 chivulalireni, nthawi zambiri cha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye musadzinamize kuti poti mwatha masiku awiri nsagwada zikutseguka ndiye kuti mwapulumuka.

Pali china chimene azibambo simuchidziwa. Ana amalandira katemera wa kafumbata kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, koma mphamvu yake imatha pakapita zaka. Amayi amawonjezera akakhala oyembekezera, mpaka kukwana kasanu. Abambo ambiri chichokereni kumsana kwa amayi awo sanabayidwenso, komatu ndi iwowo amene amaponda misomali ndi kudulidwa ndi malata. Kwa bala lauve ngati lanuli timabaya aliyense amene watha zaka zisanu asanalandire. Inu zadutsa makumi atatu. Mwinanso adokotala adzaona kuti mufunika wina wotchedwa ATS kapena immunoglobulin, amene ndi chitetezo chopangidwa kale chogwira ntchito pompopompo pamene katemera akudzutsa thupi. Zimenezo adzagamula ndi iwo ataona bala.

Za kusoka, nthawi yake mwina yadutsa. Bala timalisoka likadali laliwisi, mkati mwa maola ochepa, makamaka asanadutse 6 mpaka 8. Likagonera, ndiponso likayamba kutupa, kulitseka kuli ngati kutsekera mbala m'nyumba. Adzalitsuka, adzachotsa minofu yakufa, n'kulisiya lotseguka kuti lipole kuchokera pansi. Lidzachedwa kupola ndipo chipsera chidzakhala chachikulu. Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chala chachikulu chija. Pamene mwachekedwapo pamadutsa mitsempha yokoka chala ndi ina yomvera kukhudza. Mukawauze momveka kuti sichikupindika. Welda wopanda chala chachikulu agwira bwanji chitsulo?

Brake fluid musadzathirenso, inu ndi anzanu onse a m'magalaja. Amapsereza minofu yamoyo, ndipo minofu yakufa ndiyo chakudya cha kachilombo kaja. Chimodzimodzi palafini, oyilo, phulusa, asidi wa batire, dothi la pachulu. Madzi oyera ambiri ndi sopo, kupanikiza ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, basi.

Jakisoni amene munabayidwa muli mwana uja ayenera kuti anali kwinini, ndipo ngowawadi, amawotcha ndipo nthawi zina ankatupitsa monga zinakuchitikirani. Wa kafumbata si choncho. Mankhwala ake ndi theka la mililita, madontho ochepa chabe, pamkono chakumtunda, singano yatsopano yotsegula inu mukuona. Mukafika nenani poyera kuti, "Ine ndimakomoka ndikaona singano." Mawu amenewo amatithandiza ifeyo, chifukwa timakugonekani kaye pabedi ndipo sirinji timakonzera kumbali. Chimene sitifuna ndi bambo wa makilo 80 kutigwera pasimenti.

Mkulu wa ku Lunzu

Mphwanga, ine sindidziwa za mankhwala, ndingokuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga wamng'ono, ndi mmisiri womanga nyumba. Chaka china akukhoma denga anatsika pamakwerero n'kuponda msomali wa mainchesi anayi umene unali pathabwa, unaboola patapata mpaka kulowa kuphazi. Anauzula yekha, anafinya magazi, anathira mchere, n'kukweranso padenga. Tinamuuza za kuchipatala, anati kabala ngati diso la nkhuku n'kupita nako kwa dokotala? Kumbali anandiuza zoona, kuti iye ndi jakisoni sapatsana moni. Kabalako kanatseka m'masiku anayi, tonse tinaiwala.

Patapita masiku ngati khumi tili pamphasa tikudya, tinaona munthu akulephera kulowetsa mbamu m'kamwa. Anati nsagwada zalimba, mwina ndi dzino. M'mawa mwake khosi silikutembenuka, nkhope yakokeka ngati akuseka pamene sakuseka. Apongozi anati zimenezi ndi za anthu, paja anali atakangana ndi mwini nyumba pa nkhani ya malipiro. Tinataya tsiku lathunthu kwa sing'anga. Usiku umenewo ndi pamene thupi linayamba kukungika. Ine ndakhalapo pa matenda ambiri koma zotere ndinali ndisanaone. Msana kupindika ngati uta, pamphasa pongogunda mutu ndi zidendene, mano kukukutika, ndipo munthuyo ali maso, akumva chilichonse, akutiyang'ana. Chitseko chikangoti phwa, zayambanso. Mwana akalira, zayambanso.

Kuchipatala chachikulu adokotala anangomuyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti anavulala pati. Ife tinali titaiwala n'komwe za msomali, anakumbuka ndi mkazi wake. Anamuika m'chipinda cha mdima, chopanda phokoso, ife olowa timavula nsapato ndi kunong'ona. Phala limadutsira m'kapaipi ka m'mphuno. Ndipo mphwanga, singano zimene anathawa zija anazipeza zitamudikirira: diripi mkono uwu, ikatupa mkono uwo, mankhwala oletsa kukungika usana ndi usiku. Mchemwali wanga anayamba kuwerenga, analekera panjira. Anakhalamo mwezi ndi masabata. Mnyamata wina amene anabwera ndi matenda omwewo ife tili komweko, wovulala ndi khasu, sanatuluke wamoyo.

Mlamu anachira, tithokoze Mulungu, koma anatuluka ngati chikuni, miyezi itatu osagwira chipande cha simenti. Njinga yamoto inagulitsidwa, mwana wa Fomu 2 anakhala kaye pakhomo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pomutulutsa anamubayanso katemera yemweyo wa kafumbata. Ndinafunsa kuti bwanji, poti wadwala kale? Anati matenda amenewa sali ngati chikuku, ukachira thupi silikhala ndi chitetezo, ukhoza kudwalanso.

Musandiyankhe ine. Kadzutseni mayi a kunyumbawo muwauze kuti simunasokedwe.

Nangozo wa Makina

Achimwene, ine ndikumvetsani chifukwa ndine mnzanu. Ndimasoka pafakitale ina ya zovala, tsiku lonse ndili ndi singano m'manja, koma ya kuchipatala ndinkagwa nayo chagada. Tsiku lina singano ya makina inandiboola chala kudutsa pachikhadabo n'kuthyokera momwemo. Ululu ndinapirira, koma atangoti tikubayeni kuti tichotse kachidutswako, ndinadzidzimuka ndili pansi akundikupiza ndi faelo.

Anthu amaganiza kuti timaopa kuwawa. Si kuwawa ayi. Dokotala wina wachitsikana ndiye anandimasulira. Anati kwa anthu ena, akaona singano kapena magazi, mtima umayamba wathamanga, kenako mwadzidzidzi umabwerera m'mbuyo, BP n'kutsika, magazi osafika bwino kumutu. Kulira kwa m'makutu, thukuta lozizira ndi mdima mwanenazo ndi zimenezo. Thupi limachita lokha, silifunsa kuti ndinu bambo wa ana angati. Ndiye malangizo aja akuti "khalani phee, masukani, pumani pang'onopang'ono" kwa ife okomokafe sakwanira, chifukwa BP ikutsika kale.

Anandiphunzitsa njira ina, anati anaiyambitsa katswiri wa za maganizo wa ku Sweden, Lars-Göran Öst. Mumalimbitsa minofu ya miyendo, matako ndi mimba mwamphamvu, ngati mukukankha galimoto yokanirira m'matope, kwa masekondi 10 mpaka 15, kufikira mutamva kutentha kumaso. Kenako mumamasula kwa masekondi 20 kapena 30, osati kulefukiratu, kungobwerera mwakale. Mubwereze kasanu. Kupuma musasiye, ambiri amalakwitsa pamenepo. Kukungako kumakweza BP ndiye mdima uja sufika. Mkono umene akubayawo wokha ndiwo muusiye wolobodoka, mukaulimbitsa umawawa kwambiri. Yambani kuyeserera usiku uno pabedi, mawa mukachitenso pabenchi podikira, ndiponso pamene akubaya.

Zina zimene zimandithandiza: sindipita ndi njala, ndimadya kaye ndi kumwa madzi okwanira. Ndimapempha kugona, osati kukhala pampando. Ndimayang'ana kukhoma, ndipo ndimawauza anesi kuti asandiwerengere "wani, thuu", angobaya. Ena amafuna kuuzidwa, inu mudziwa nokha chimene chikukuyenerani. Akamaliza sindidzuka msanga, ndimagona kaye mphindi zingapo. Ndipo ndimapita ndi munthu. Osati wokugwirani ngati amalume anu aja, zimenezo ndi zimene zinakuwonongani, koma woti azikulankhulitsani, ndiponso woti mukati "ndikataye madzi" akuperekezeni mpaka pakhomo pa chimbudzi.

Mantha sanathe, ndisakunamizeni. Pa mimba ziwiri ndabayidwa kangapo, mtima umagundabe, koma sindinagwenso.

Welda wa ku Ndirande

Zikomo nonse. A Kabaza, mphini ndili nazo zisanu ndi imodzi, ndipo lezala sindiliopa, ndi zimene zimandizunguza mutu ine ndemwe. Akulu a ku Lunzu, nkhani yanu yandilanda tulo, ndakhala ndikutsegula ndi kutseka pakamwa kuona ngati nsagwada zikuyenda. Mayi Nachisale, vuto lina ndi manyazi. Buku langa lili kwa anesi omwe ndinawathawa aja. Kodi ndisangogula buku lina n'kupita chipatala china?

Namwino Nachisale

Ayi, bwererani komweko. M'buku lija muli zimene adokotala anaona bala lili laliwisi ndi tsiku lake, zimenezo n'zofunika. Mukuganiza kuti ndinu woyamba kupita kuchimbudzi osabwerako? Akakuzazirani pang'ono, mwina akaseka, kenako akakuthandizani. Makapisozi mwagulawo muwatenge mukawaonetse, ndipo munene za brake fluid. Zimene alemba a Nangozo ndi zoona, chitani zomwezo.

Kalaliki Wopuma

Bambo, anzanga anena za thupi, ine ndinene za pepala, poti ndinagwirapo ntchito yolemba za ogwira ntchito pakampani ina ya zomangamanga ndipo nkhani zotere ndaziona zikuthera m'misozi.

Mwavulala muli pantchito, mukugwira zimene abwana anakutumani. Dziko lino lili ndi lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito, Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, ndi lina la 1997 lokhudza chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, limene limafuna kuti olemba ntchito azipereka zodzitetezera. Magolovesi peyala imodzi anthu asanu si zimene lamulo likunena. Ndikudziwa kuti m'mashedi mwathumu zambiri zimangoyenda pakamwa, palibe kalata ya ntchito, malipiro ndi a pamanja. Komabe ngozi ya pantchito imayenera kukanenedwa ku ofesi ya Leba, ndipo kumeneko chinthu choyamba kufunsa ndi lipoti la kuchipatala. Chala chimenecho chikadzauma, Mulungu aletse, amene adzanene kuti mwalumala motani ndi dokotala, polemba. Tsono taganizani m'buku mwanu mutalembedwa kuti wodwala anathawa asanathandizidwe. Abwana adzangoti, "Ine ndinamupatsa ya kabaza, anakana yekha mankhwala." Mudzayankha chiyani?

Ndiye mukapita mawa, onetsetsani kuti alemba kuti munavulala kuntchito, tsiku ndi chimene chinakuchekani. Sungani malisiti a chilichonse mwagula. Jambulani dzanjalo pafoni lero, jambulaninso mgolowo usanapite kwa kasitomala. Lembani maina a anzanu amene analipo. Sindikuti mukakangane ndi abwana anu, mwina ndi munthu wabwino ndipo mudzamvana pakhomo. Koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo anthu amasintha ikafika nkhani ya ndalama.

Welda wa ku Ndirande

Ndabwera kudzapereka lipoti, ndikulemba ndi dzanja limodzi ndiye mukhululuke.

Usiku womwe uja ndinawadzutsa mayi a ana n'kumasula bandeji. Ndimayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anayang'ana balalo, anandiyang'ana ine, n'kupita kukatsegula chikwama chimene amasungamo makadi a kusikelo. Anatulutsa kakhadi kawo ka katemera wa kafumbata, mizere isanu yonse yodzaza, anakaika pamiyendo panga osanena kanthu, n'kukagona choyang'ana kukhoma. Kunena zoona, kulalata kukanakhala bwino.

Lachisanu 6 koloko tinali pamzere, nditamwa phala ndi tiyi monga ananenera a Nangozo. Pabenchi ndinali kalikiliki kukunga miyendo ndi matako, mpaka agogo ena oyandikana nane anafunsa ngati ndatsegula m'mimba. Kulowa m'chipinda muja, anesi omwe aja. Anangoti, "Aa, a kuchimbudzi aja mwabwerako? Munali mzere wautali eti?" Anatsegula kabati n'kutulutsa buku langa. Ndinanena mawu aja monga munandiphunzitsira, kuti ine ndimakomoka ndikaona singano. Anati, "Mukanatero Lachiwiri bwenzi pano mukuwerenga masiku ochotsa ulusi." Anandigoneka, mayi a ana anaima kumutu n'kuyamba kundifunsa za ngongole ya kugolosale, dala, kuti ndipse mtima.

Wa kafumbata uja sindinamumve n'komwe, ndinafunsa kuti mubaya liti iwo akutaya kale sirinji. Zaka zonsezi! Koma ndisanamize anzanga amantha, ochititsa dzanzi aja anawawa. Anabaya kawiri m'mphepete mwa bala, amaluma ngati mavu kwa kanthawi, ndipo mdima uja unabwera ndithu, m'makutu munayamba kulira. Ndinakunga miyendo ngati ndikukankha lole, ndinamva kutentha kumaso, mdima n'kubwerera. Sindinakomoke. Kenako dzanja linangoti zii, ndimangomva kukokakoka. Anatulutsa mafinya ndi tizidutswa tiwiri ta utoto wa mgolo uja. Sanasoke, monga munanenera mayi Nachisale. Makapisozi anga anati ndisiye, anandipatsa mankhwala ena.

Chifukwa cha chalachi ananditumiza ku Gulupu tsiku lomwelo. Kumeneko anandibaya wina wachinayi, uja wogwira ntchito pompopompo, ndinapemphanso kugona ndipo sanakane. Akuti mtsempha wokoka chala wakhudzidwa koma akuona ngati sunaduke wonse, ndibwerere kutupa kukaphwa kuti akaonetsetse. Akapeza kuti unaduka ndiye kuti ndi opaleshoni, zimene sindikufuna kuziganiza panopa.

A Kalaliki, mgolo ndinaujambula, ndipo m'buku alemba kuti ndinavulala kuntchito. Abwana abwera kudzandiona dzulo ndi shuga paketi imodzi, koma za masiku amene ndikhale pakhomo akuti tidzakambirana. Ndamva kuti agula magolovesi mapeyala awiri.

Kutsukitsa bala ndikupita tsiku ndi tsiku, kumeneko kulibe singano. Koma andilembera kuti pakatha masabata anayi ndikabayitsenso katemera wachiwiri, wina pakatha miyezi isanu ndi umodzi, poti za ubwana wanga palibe khadi. Buku akusunga ndi mayi a ana, tsikulo alilemba ndi makala kuseri kwa chitseko. A Nangozo, kodi kukunga kuja mumayamba kuyeserera kukatsala masiku angati? Chifukwa ndangoliona tsikulo pachitseko m'manja mwayamba kale thukuta.